Yadi Imene a Ozell Ankaba

A Ozell Crenshaw anagwira ntchito pa koleji ya Marlow Bend zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo n'zokayikitsa ngati m'zaka zonsezo aphunzitsi khumi anafika polidziwa dzina lawo. Ntchito yawo inali yosamala mabwalo a mpira, uja wonyamula m'manja ndi kugwetsana: kutchetcha kapinga, kuthirira, kukwirira maenje amene anyamata akumba ndi nsapato, ndi kujambula mizere yoyera ya mayadi. Wofuna kuwapeza ankangotsata fungo la penti mpaka pa kashedi ka malata kuseri kwa bwalo lophunzirira. M'menemo munali makina otchetchera, zitini, wailesi yomangidwa ndi waya, ndi mpando umodzi. Wachiwiri akanakhalapo ndani?

Akazi awo, mayi Earline, anali atamwalira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Mwana anali mmodzi, wamkazi, ndipo anakwatiwa ku Detroit. Foni ankaimba pa Khirisimasi, mwina ndi pa Pasaka akakumbukira. A Ozell ankaphika mphika wa nyemba Lamulungu n'kuudya mpaka Lachinayi. Kutchalitchi ankakhala pa benchi lakumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza ili mkati, pothawa amayi a mumpingo amene ankawayang'ana ngati akuona galu wonyowa ndi mvula. Sanali munthu wodandaula. Koma anali osungulumwa, kusungulumwa kokhwima kwa munthu amene anasiya kalekale kuyembekeza kuti wina agogoda pakhomo.

Kuno ku Mississippi mwezi wa Malichi uliwonse kumabwera alenje. Timawatcha choncho anthu amene matimu a ligi yaikulu amawatuma m'makoleji kukasaka osewera. Amafika pa galimoto zobwereka, atavala makabudula ngakhale kukuzizira, aliyense kawotchi kali lende m'khosi. Mnyamata amamukweza pa sikelo, kumuyeza msinkhu, mikono ndi chikhatho, kumudumphitsa m'mwamba, kumudumphitsa kutsogolo, kumunyamulitsa zitsulo. Zonsezo n'zongokometsera. Mutu wa nkhani ndi liwiro la mayadi makumi anayi, makamaka kwa wothamanga ndi mpira, uja amamupatsa mpira pamimba kuti abowole nawo khoma la anthu.

Nambala imene wathamanga imapita ku maofesi a m'mizinda. Kumeneko kuli anyamata a makompyuta, amene chibadwire sanagwetsedwepo m'matope, ndipo iwowo amaiphatikiza ndi kulemera kwa mwanayo n'kulosera ngati adzaphule kanthu mu ligi kapena ayi. Kwa mwana wa kakoleji ngati kathu lamulo lake silinalembedwe paliponse, koma aliyense amalidziwa. Ukathamanga pansi pa masekondi 4.50, atsegula mafilimu a masewero ako n'kukuonera. Ukapitirira, mafilimuwo satsegulidwa n'komwe. Mwana wasewera zaka zinayi, wathyoka nthiti, wabowola makoma Loweruka lililonse, koma mlandu wake amaugamula m'nthawi yosakwana kuyasamula.

Apa m'pamene panagona chinsinsi cha a Ozell. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'mbuyomo, Kochi Gaddis atangofika kumene pa koleji, analowa m'kashedi kaja n'kutseka chitseko.

"A Crenshaw, ana a makoleji olemera amathamanga pa kapeti. Ali ndi madokotala a miyendo, nyama amadya katatu patsiku. Athuwa amathamanga pa dambo. Mukuonapo chilungamo pamenepa?"

"Ayi, Kochi."

"Ndiye tiwakankhe pang'ono. Pa mayadi asanu alionse muzichotsapo kachikhatho kamodzi. Diso la munthu silingaone."

Zikhatho zisanu ndi zitatu zimakwana yadi. Ndipo yadi imodzi, kwa munthu amene ali kale pa liwiro, ndi gawo limodzi la magawo khumi a sekondi. Wa 4.58 ankasanduka wa 4.48. A Ozell anapota chingwe chachiwiri, cha mfundo zoyandikana pang'ono kuposa chenichenicho, n'kuchibisa kuseri kwa matumba a feteleza. Malichi aliyense ankajambula nacho bwalo lophunzirira. Alenje akapita, ankadikira kapinga akule, n'kumutchetcha, mizere yabodza n'kupita nawo limodzi.

Sanauze munthu. Ngakhale mayi Earline anapita kumanda osadziwa. Tsiku la alenje likafika, a Ozell sankayandikira bwalo. Ankakhala m'kashedi, chitseko chili chotsegula pang'ono, kusuzumira ngati mwana amene waswa mbale. Manyazi anali nawo. Koma tinene zoona, ankanyadiranso. M'zaka zonsezo anyamata awiri a ku Marlow Bend anaitanidwa ku ligi. Onse awiri anabwerako mwezi usanathe, komabe anapita, ndipo a Ozell anasunga zidutswa za nyuzipepala m'chitini cha misomali. Munthu amene palibe amamuona, akamaganiza kuti dzanja lake likusuntha miyoyo ya anthu mwakabisira, amamva kukoma.

Kenako kunabwera Kendrel Pugh. Anachokera kumidzi ya maiwe a milamba, komwe mayi ake ankagwira ntchito yotumbula nsomba m'fakitale. Anali wojintcha, wa khosi lofanana ndi ntchafu, wolemera mapaundi 212, koma kusekondale anali wa mpikisano wothamanga ndipo miyendo sinaiwale. Loweruka akalandira mpira, anthu m'mabenchi ankaimirira asanaone chimene achite. Pa kashedi anafika koyamba kudzabwereka sipanala yomangira misomali ya nsapato. Ataibweza sanachoke. Anatembenuza ndowa n'kukhalapo.

"Madala, mumadya nokha chonchi tsiku lililonse?"

"Ndidye ndi ndani, makina otchetcherawa?"

"Nyemba izi ndi za Lamulungu liti? Zikuoneka kuti zinaphikidwa ine ndisanabadwe."

"Ngati zakunyansa tseka pakamwa."

Sanatseke. Anadya theka, ndi chigumu chomwe. Kuyambira pamenepo ankabwera kawiri kapena katatu pa sabata, zaka zitatu zathunthu. A Ozell anayamba kuphika mphika wokulirapo osavomera mumtima kuti akuphikira ndani. Mnyamatayo ankawaseka za wailesi yawo, za chipewa chawo, za kapikapu kawo kamene kankalira ngati kakupempha chikhululukiro. Iwo ankamukalipira, koma tsiku limene sanabwere ankangotuluka kukayang'ana kunjira.

Tsiku lina mu Febuluwale wa chaka chake chomaliza, a Ozell akunola mpeni wa makina, Kendrel anayankhula osawayang'ana.

"Madala, bwalo lanu la Malichi ndi lalifupi."

Dzanja la a Ozell linaima.

"Wamva kwa ndani?"

"Kwa miyendo yangayi. Chaka chatha alenje atapita ndinathamangapo ndekha. Ine mayadi makumi anayi ndimaponda kakhumi n'kasanu n'kanayi, phazi lamanzere pa mzere penipeni. Panu ndinadutsa mzere phazi lili m'malere. Ndinabwereza katatu."

"Mwina miyendo inatalika."

"Madala, musandiputsitse ngati mwana wa mkaka. Sindinauze munthu, ndipo sindiuza. Koma chaka chino mundijambulire chenicheni."

"Wapenga iwe? Yadi imeneyo ndi yako. Anzako onse anadya, iwe ukane?"

"Anadya n'kukasanza kumeneko. Ndipite ndi nambala yakuba, akandithamangitsenso pa makina awo amagetsi oyezera nthawi aja, ndibwereko ndi chikwama m'manja anthu akundiloza? Ayi. Ine ndikufuna ndidziwe nambala yanga. Ikakhala yoipa, ndikalowe ntchito ku milamba ndi mtima umodzi."

"Kochi akamva andidula khosi."

"Amva bwanji? Mwabisa bodza zaka zonsezi, mulephere kubisa choonadi tsiku limodzi?"

A Ozell anaseka, kuseka kumene kunawadabwitsa iwo eni. Tsiku limenelo anapita kunyumba opepukidwa ngati atula thumba la simenti. Kwa nthawi yoyamba panali munthu wina padziko amene ankadziwa, ndipo munthuyo sanawanyoze. Anangowapempha kanthu.

Kutatsala masiku awiri kuti alenje afike, m'mawa mame asanaume, anakhoma zikhomo n'kutambasula chingwe chenicheni. Anayeza kawiri. Anajambula pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo, ngati mwana wa sukulu polemba dzina lake. Ankadziwa kuti pali anyamata ena asanu amene athamange pa mizere yomweyo osadziwa kanthu, ndipo zinawalasa mumtima. Koma asanuwo ngakhale akanawabera mayadi atatu sakanapita kulikonse, ndipo ngakhale eni ake ankadziwa zimenezo.

Tsiku la alenje anavala malaya ochapa. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri ndi ziwiri anatuluka m'kashedi, ndowa ili m'manja kuti aoneke ngati ali pa ntchito, n'kukaima pafupi ndi mzere womaliza. Alenje anabwera asanu ndi awiri. Wamkulu wawo anali a Burl Whitacre, mzungu wa imvi, wa mawondo okutha, amene anakhala akubwera ku Marlow Bend kuyambira kalekale osapatsapo a Ozell moni, osati mwachipongwe, koma mmene munthu sapatsira moni mtengo wa pabwalo.

Alenje ali ndi mwambo wawo. Mwana akathamanga, amasonkhana mozungulira, mitu pamodzi, aliyense n'kunena zimene wotchi yake yagwira. Nambala yapamwamba ndi yapansi amazitaya, zotsalazo n'kugwirizana imodzi. Imeneyo ndiyo imalembedwa pa pepala limodzi, ndipo pepalalo limapita kwa matimu onse, ngakhale amene sanatume munthu. Pokambirana amatsitsa mawu kochi akayandikira. Koma nkhalamba ya ndowa sanaitsitsire mawu, poti sanaione n'komwe.

Kendrel anagwada pa mzere woyamba, dzanja limodzi pansi. Kenako anafwamphuka. A Ozell sanaone nkhope yake, anangomva kapinga wawo akung'ambika pansi pa nsapato ndi mphepo imene inawakupiza malaya podutsa. Tiwotchi tinalira pamodzi. Atapuma anathamanganso kachiwiri, ndipo mitu ya alenje inakumana.

"4.43."

"Ine 4.46."

"4.44."

"4.44 nanenso."

"Chala changa chinachedwa, yanga musaiwerenge."

"Ndiye 4.44," anatero a Whitacre. "Pa mapaundi 212. Mwana ameneyu ndi galimoto."

A Ozell anafuna kukuwa, anafuna kuthamangira kwa mnyamatayo, amene anali patali atagwira m'chiuno akupuma mwawefuwefu. Anangogwiritsa ndowa.

"Chabwino," anapitiriza a Whitacre. "Thiranipo chakhumi cha a Ozell. Lembani 4.54."

Wolembayo analemba osafunsa, anajambula pepalalo ndi foni, n'kulitumiza.

A Ozell sanadziwe kuti ndowa anaiika pansi nthawi yanji. Anangozipeza ali pakati pa alenje, pamalo pamene ngakhale kochi saponda.

"Pepani, mabwana. Bwaloli lero ndi lokwana."

Onse anatembenuka kuona kuti mawuwo akuchokera kuti.

"Mukuti bwanji, achikulire?"

"Mayadi makumi anayi ndi okwana. Ndinajambula ndine. Mwanayo 4.44 ndi yake."

Mlenje wina wachinyamata, wa ndevu zosema bwino, anatong'ola maso.

"Dikirani kaye. Inu ndinu a Ozell? A Ozell ake enieniwo? Anzanga, alipodi! Ine ndinkayesa ndi dzina chabe, ngati aja timapatsa mphepo zamkuntho." Anawagwira chanza ndi manja awiri, mosangalala zedi. "Tsiku langa loyamba pa ntchito anandiphunzitsa za inu."

"Chaka chino sindinabe."

"Onse amatero, achikulire. Wakutumani ndi kochi eti? Kamuuzeni kuti wayesa, koma ifenso sitinabadwe dzulo."

Anaseka onse, kuseka kwabwinobwino kopanda njiru, kumene kumapweteka kuposa kunyozedwa.

"Tengani tepi muyeze. Ndikupempha."

"Tikanakonda, koma 2 koloko tikhale tili pa koleji ina, ndipo ndi ulendo wa maola atatu. Pepala lapita kale."

Anatola zikwama zawo. Galimoto zinatuluka pa geti motsatizana, fumbi n'kutsala. Kochi Gaddis anali ataima chapatali, manja m'thumba, ndipo anamva zonse. Amene sanapite ndi a Whitacre okha. Anawayang'ana a Ozell nthawi yaitali, mwina koyamba chiyambire, kenako anatsimphina kupita ku galimoto yawo n'kubwera ndi tepi yoyezera ya dzimbiri.

"Ndinayeza ndine," anatero akuimasula. "Chaka chachiwiri cha kuba kwanuko, anzanga akudya nkhomaliro. Ndinapeza mayadi makumi atatu ndi asanu ndi anayi, ndendende. Ntchito yaudongo. Kwina amaba mwauve, amangosuntha mzere womaliza, mwana wa sukulu akhoza kuona. Inu munagawa bwino."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tinene kuti tipindule chiyani? Mlenje sachititsa manyazi kochi pakhomo pake. Mawa anditsegulira ndani chipinda cha mafilimu? Anditsina khutu ndani kuti bondo la uje ndi lowola? Ife timangolemba m'buku. Uku kapinga ndi wamtali, chotsako pang'ono. Uku n'kotsetsereka, onjezera. Ku Marlow Bend, chakhumi."

"Ndiye ana awiri anapita aja..."

"Anapita ndi miyendo yawo, achikulire. Yadi yanu sinapititsepo munthu kulikonse."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri zobisala m'kashedi, kunyamula tchimo limene sanauze ngakhale mkazi wawo ali pa bedi la imfa, chonsecho dziko lonse la alenje linkadziwa, mpaka kuphunzitsa ana a ntchito. Ankayesa kuti ndi mbala yochenjera, pamene anali nthabwala ya m'galimoto.

A Ozell anagwada pa mzere woyamba n'kupanikiza mphete ya tepi ndi chala. A Whitacre anayenda chotsimphina, tepi ikulira pambuyo. Anadutsa mzere wa mayadi khumi, wa makumi awiri, wa makumi atatu, ndipo pa uliwonse ankaima n'kuwerama. Atafika pomaliza anawerama nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ndi okwana," anakuwa.

Kendrel anali atakhala pa benchi, nsapato imodzi ili m'manja. Kochi anali atamuuza kale nambala imene yalembedwa. Anaona nkhalamba ziwirizo zikuyeza, koma sanayandikire.

"Ndilemba mu lipoti langa," anatero a Whitacre akukulunga tepi. "Koma ndisakunamizeni. Timu yanga ili ndi othamanga anayi, sikufuna wina. Pepala lija lili kale m'makompyuta a matimu onse, ndipo anyamata a kumeneko samva za nkhalamba ziwiri ndi tepi ya dzimbiri. Madzi akatayika saoleka."

"Ndipatseni manambala a foni a anzanu aja."

A Whitacre anatulutsa cholembera. Analemba manambala asanu ndi limodzi kuseri kwa kapepala, n'kuwagwira a Ozell paphewa, n'kupita.

Masana omwewo a Ozell anakhala pa mpando wawo n'kuyamba kuimba. Munthu amene ankatha mwezi osagwira foni. Ankaphonya manambala n'kuyambiranso. Anakonza mawu ake ngati pemphero, ndipo kulikonse ankanena omwewo.

"Dzina langa ndi Ozell Crenshaw, wa ku Marlow Bend. Ndine uja ndinkaba yadi. Chaka chino sindinabe. A Whitacre ayeza, afunseni. Kendrel Pugh anathamanga 4.44. Chonde, muone mafilimu ake."

Anayi sanayankhe, ndipo uthengawo anausiya m'makina, lero, mawa, ndi mkuja. Wa ndevu uja anayankha akuseka: "A Ozell! Simutopa eti? Ndakukondani, madala." Wachisanu ndi chimodzi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndamva, bambo. Tiona." Aliyense amene anapemphapo kanthu mu ofesi amadziwa tanthauzo la "tiona."

Kochi Gaddis anabwera tsiku lachitatu. A Ozell anali atayika kale makiyi patebulo, poyembekeza kuchotsedwa ntchito. Koma kochi sanakuwe. Anatsamira chitseko n'kuyankhula motsitsa.

"Mukudziwa zimene mwachita, a Crenshaw? Mukanajambula ngati masiku onse, mwanayo akanathamanga 4.34. Iwo akanathirapo chakhumi chawocho, 4.44. Bwenzi pano akuonera mafilimu ake m'mizinda isanu."

A Ozell anali atawerengera kale zimenezo, kambirimbiri, potchetcha, podya, ndi poyendetsa galimoto. Kuzimva kuchokera pakamwa pa munthu wina kunangowonjezera mchere pabala.

"Makiyiwo tengani, ntchito iyi angaifune ndani? Ndiponso si zonse zaipa. Whitacre akuuza anzake kuti bwalo la Marlow Bend linalapa. Chaka chamawa sathirapo kanthu. Ndiye mudzatulutse chingwe chathu chija. Tsopano m'pamene chiyambe kugwira ntchito."

Anatuluka akuimba mluzu. A Ozell anasuntha matumba a feteleza, anatulutsa chingwecho, n'kuchiduladula ndi mpeni. Tizidutswa take anakamangira matimati kuseri kwa nyumba.

Kendrel anasiya kubwera. Sanakangane, sanatukwanizane, anangosiya. A Ozell ankamuona patali akuthamanga yekha m'mphepete mwa bwalo, foni ili m'thumba la kabudula kuopa kuti ingalire iye palibe. Ankafuna kumuitana, koma amuitane kuti amuuze chiyani? Nyemba zinayamba kutsala, kufika Loweruka, mpaka kusasa.

Kumapeto kwa Epulo matimu amasankha osewera, masiku atatu otsatizana. A Ozell anamvera pa wailesi masiku onse atatu, dzina ndi dzina, ngakhale tsiku loyamba limene aliyense amadziwa kuti ndi la ana a makoleji olemera. Tsiku lomaliza anamva akutchula othamanga ndi mpira mmodzimmodzi, wina wa 4.47, wina wa 4.49, opepuka kuposa Kendrel. Wolengeza ankatamanda liwiro lawo ngati anathamanga ndi iye. Dzina lomaliza litatchulidwa, a Ozell sanazimitse wailesi. Chisankho chikatha, matimu amaimbira ena otsala kuti abwere adzayesedwe, ndipo iwo anakhala sabata yonse akutchera khutu kwa aliyense wodutsa pafupi ndi kashedi. Foni ya Kendrel sinalire.

Anabwera mu Meyi, masana dzuwa likuswa mtengo. A Ozell anamva fungo la nsomba asanamuone. Anaima pakhomo atavala nsapato zoyera za labala, zija amavala a m'fakitale, kaneti ka tsitsi kali m'manja. Sanalowe.

"Madala."

"Kendrel. Lowa, mwana wanga. Pali chigumu."

"Ayi, ndadya. Ndimadutsa chabe." Anayang'ana ku bwalo lophunzirira. Mizere ya Malichi inali itatchetchedwa kale, kapinga ali biriwiri. "Ndangofuna ndikufunseni kamodzi, ndimve kwa inu. Anali okwanadi?"

"Okwana. Osaperewera ngakhale chikhadabo."

"Ndiye ine ndine wa 4.44."

"Ndiwe."

Kendrel anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa matenda ake.

"Ku fakitale ndinauza anzanga. Akuti aliyense kumeneko anali wa 4.4 pa nthawi yake, ngakhale woyendetsa ngolo wa mimba uja. Amanditcha Mphezi. Mphezi, bweretsa madzi oundana." Anaseka pang'ono. "Ndiye amene tikudziwa ndi inu ndi ine."

"Ndi a Whitacre."

"Anthu atatu. Osakwana n'kunyamula bokosi la maliro."

A Ozell anayesa kuseka naye, koma sizinatheke. Anali atakonza mawu ambiri m'masabata onsewo. Linatuluka liwu limodzi lokha ndi dzina.

"Ndikhululukire, Kendrel."

"Ndinapempha ndine, madala. Inu munakana."

"Komabe. Ndikhululukire."

Mnyamatayo anawayang'ana, osati mwaukali, koma ngati akufunadi kudziwa.

"Pa chiyani? Pa zaka makumi awiri munaba zija, kapena pa tsiku limodzi munakhulupirika lija?"

A Ozell anafufuza yankho, moona mtima anafufuza, koma silinapezeke. Kendrel anadikira pang'ono, kenako anayang'ana nthawi pa foni. Ntchito inkayamba 1 koloko, ndipo ochedwa ankawabweza pa geti.

"Tsalani bwino, madala."

Sanabwerenso. A Ozell anaima pakhomo mpaka galimoto yake inakhota kuseri kwa nyumba zogona ophunzira. Kenako analowa kukathira mafuta m'makina, poti kapinga wa mu Meyi sadikira munthu.